Kodi Laputopu Imatentheranji?

 Lero tikambirane za laputopu, kompyuta yopinda ija imene ena mwaiona ndi aphunzitsi, ena ndi achimwene kapena achemwali akabwera kutchuthi. Ikagwira ntchito kwa kanthawi, kunsi kwake kumafunda. Tsiku lina imayamba kulira kuti fuuu osalekeza, kenako n'kumachedwa pa chilichonse, mwinanso kuzima yokha ntchito ili m'kati. Komatu m'menemo mulibe nkhuni, mulibe makala. Nanga kutenthako kumachokera kuti, ndipo kukanyanya tingatani?

Kumene kutentha kumayambira

M'kati mwa laputopu muli kachipangizo kotchedwa purosesa. Ndi kakang'ono koti kangakhale pa chala chanu, koma ndi kamene kamawerengera zonse. Mukadina chilembo, mukatsegula chithunzi, mukaonera kanema, kokhetsa thukuta ndi komweko. M'kachipangizoka muli timaswichi tosaoneka ndi maso totchedwa matransisita, ndipo m'makompyuta a masiku ano timakhalamo mabiliyoni. Timayatsa ndi kuzimitsa magetsi kambirimbiri pa sekondi imodzi yokha.

Kaswichi kalikonse kakatembenuka kamadya magetsi pang'ono zedi, ndipo magetsiwo sangosowa ayi, amasanduka kutentha. Kutentha kwa kamodzi simungakumve n'komwe. Koma mabiliyoni akapanikizana pamalo ochepa chonchi, pamatentha ndithu. Pa ntchito yopepuka, monga kulemba kalata, purosesa imakhala pakati pa madigiri 40 ndi 60. Pa ntchito yolemetsa, monga magemu kapena kukonza kanema, imatha kupitirira madigiri 90. Kumbukirani kuti thupi lanu limakhala pa 37, pamene madzi amawira pa 100.

Choncho laputopu ikafunda sindiye kuti yawonongeka. Chofunika kudziwa n'chakuti kutenthako kukupeza potulukira kapena kwatsekeredwa m'katimo.

Njira yotulukira kutentha

Amayi akakupakulirani phala lotentha inu mukufulumira kusukulu, mumatani? Mumalithira m'mbale yotambalala n'kumaliuzira. Mbale yotambalala imachititsa kuti phala lambiri likumane ndi mpweya, ndipo kuuzira kumathamangitsa mpweya wofunda n'kubweretsa wina wozizirirapo. Opanga laputopu anatsata nzeru yomweyo. Vuto lawo linali limodzi: purosesa ili m'katikati, pamene mpweya uli kunja. Anayenera kukonza njira yonyamulira kutentha kuchoka pakati kufika m'mphepete.

Njirayo imayambira pamwamba pa purosesa penipeni. Amapakapo mankhwala otuwa, onanda, amene okonza makompyuta amawatcha thermal paste. Ntchito yake ndi kudzaza timipata tosaoneka pakati pa purosesa ndi chitsulo chimene chaigunda, chifukwa mpweya wotsalira m'timipatamo sudutsitsa bwino kutentha.

Kuchoka apo pali kapaipi kaphwatalala ka mkuwa, kotseka kumutu ndi kumchira. Apa ndiye pagona zodabwitsa. M'kapaipimo muli timadzi tochepa, ndipo mpweya anaupopa n'kuuchotsamo, zimene zimachititsa kuti timadzito tiziwira msanga, tisanayandikire n'komwe madigiri 100. Kumbali yogunda purosesa, madzi amasanduka nthunzi. Nthunziyo imathamangira kumbali yozizira itasenza kutentha, ikafika n'kusandukanso madzi. Madziwo amabwerera potsata khoma la m'kati, limene analipanga loti lizimwa madzi. Amazungulira choncho osalekeza, popanda injini, popanda batire. Wasayansi wina dzina lake George Grover ndiye anapanga paipi ya mtunduwu mu 1963 ku Los Alamos m'dziko la America, ndipo lero imagwira ntchito ngakhale m'masetilaiti amene akuzungulira dziko lathuli kumwamba.

Kumapeto kwa kapaipi kuli tizitsulo topyapyala tambirimbiri tondandalikidwa moyandikana. Imeneyo ndiye mbale yotambalala ija. Pambali pake pali fani, wouzira uja. Faniyo imakoka mpweya kudzera pa timabowo ta kunsi kwa laputopu, n'kuukankhira pakati pa tizitsuloto, ndipo mpweyawo umatuluka wotentha chakumbali kapena chakumbuyo. Malaputopu ena opyapyala kwambiri alibe fani, kutentha amakutayira kunja kudzera m'thupi lawo lachitsulo.

Tsono njira yonse ndi iyi: purosesa, mankhwala opaka, kapaipi, tizitsulo, fani, kunja. Pakatsekeka pamodzi pokha, kutentha kumaunjikana. Zikatero purosesa imadziteteza. Ikayandikira madigiri 100 imachepetsa dala liwiro lake kuti isapse, n'chifukwa chake laputopu yotentha imachita zinthu mwaulesi. Zikakanikabe, imazima yokha.

Chifukwa chake kuno kuchigwa zimavutirapo

Amene munatsikako msewu wokhotakhota wochokera ku Masasa kupita ku Golomoti mukudziwa zimene zimachitika: pamwamba munavala juzi, pofika pansi munali mutalivula. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja zamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Mukatsika mamita 1,000, mpweya umafunda ndi madigiri pafupifupi 6. Tauni ya Dedza ndi Golomoti zili m'boma limodzi, koma nyengo ndi ziwiri.

Tsono fani siipanga mpweya wozizira. Imangotenga umene uli m'chipindamo. Chipinda chikakhala chotentha kale, mpweyawo umanyamula kutentha kochepa, ndipo fani imayenera kuzungulira mwamphamvu kuti ikwanitse. Kampani ya Apple imalangiza kuti malaputopu ake azigwira ntchito pamalo a madigiri apakati pa 10 ndi 35, ndipo makampani ena ambiri amanenanso 35 yomweyo. Masana ena a mu Okutobala ndi Novembala kuno kuchigwa, makamaka m'nyumba yamalata yopanda siling'i, kutentha kumafika pamenepo kapena kupitirira.

Mdani wachiwiri ndi fumbi. M'chilimwe akamvuluvulu amaulutsa dothi, tchire likapsa phulusa limayandama, galimoto ikadutsa pamsewu wafumbi zonse zimalowa pazenera. Fani imameza zonsezo pamodzi ndi mpweya. Pakapita miyezi, fumbi, ulusi ndi tsitsi zimalukana kutsogolo kwa tizitsulo tija mpaka mpweya kusowa podutsa.

Khalani ofufuza

Laputopu ya kunyumba kapena ya kusukulu ikatentha mopitirira, pemphani chilolezo kwa mwini wake, ndipo fufuzani motsatana chonchi.

Choyamba, onani pamene yakhala. Kodi ili pabedi, pabulangete, papilo kapena pamiyendo pa munthu wovala chitenje? Nsalu imatseka timabowo ta kunsi. Isamutsireni patebulo kapena pathabwa losalala. Kodi dzuwa likuiwomba kudzera pazenera? Isunthireni pamthunzi. Nthawi zambiri mlandu umathera pomwepa.

Chachiwiri, tcherani khutu. Fani yabwino imalira mosalala. Ikamalira kuti khrrr ngati ikukhula penapake, ndiye kuti yalowa chinthu kapena yatha. Ngati laputopu ili ndi fani koma yatentha kwambiri ili zii, mwina faniyo yaima, ndipo ndi bwino kuizimitsa msanga.

Chachitatu, yesani mpweya. Tengani kachidutswa ka tishu kapena ulusi, mukagwire pafupi ndi potulukira mpweya, osakalowetsa. Kakamaphupha mwamphamvu ndipo mpweya ukutuluka wotentha, njira ndi yotseguka. Koma fani ikamalira kwambiri kapepala kali duu, mwagwira wakuba: fumbi latseka njira.

Chachinayi, ifunseni yokha kompyutayo. Ngati ili ya Windows, dinani pamodzi mabatani atatu awa: Ctrl, Shift ndi Esc. Patuluka tsamba lotchedwa Task Manager. Pansi pa mawu oti CPU muona manambala osonyeza pulogalamu imene ikulemetsa purosesa. Mwina ndi masamba a intaneti ambirimbiri amene anasiyidwa otsegula, mwina gemu imene munaiwala kutseka. Tsekani zimene mukuzidziwa kuti ndi zanu. Mukaona pulogalamu yachilendo ikudya mphamvu yambiri inu musakuchita kanthu, musaikhudze, auzeni akuluakulu, chifukwa ikhoza kukhala vayirasi kapena kompyutayo ikudzikonza yokha.

Chachisanu, yang'anani thupi lake. Kodi kunsi kwatukuka, kapena potsetsereka chala paja pakwera m'mwamba? Kodi siikukhazikika bwino patebulo? Ngati ndi choncho, mwina batire latupa. Apa kufufuza kwanu kwatha. Zimitsani, zulani chaja, musalipanikize, musalibaye, ndipo itanani wamkulu nthawi yomweyo, popeza batire lotupa likhoza kuyaka moto.

Zimene mungachite, ndi zimene musayese

Pali kanzeru kosalira ndalama. Tolani zitsekero ziwiri za mabotolo apulasitiki, muziike pansi pa ngodya ziwiri zakumbuyo kwa laputopu. Kampata kameneko kamakwana kuti mpweya uzilowa momasuka. Ntchito zolemetsa zichitike m'mamawa kapena madzulo kukazizira. Laputopu ikazima ndipo yazizira, ivundikireni ndi kansalu kuti fumbi lisalowe, koma musaiike m'chikwama ikadali yoyaka. Timabowo takunja mungatisese ndi kaburashi kofewa komanso kouma, itazimitsidwa ndi kuzulidwa kumagetsi.

Musaithire madzi kapena kuifunditsa nsalu yonyowa. Musaiike m'firiji, chifukwa mukaitulutsa m'kati mwake mumachita mame, ndipo madzi ndi magetsi sizimwerana madzi. Musatokose fani ndi waya kapena kamtengo. Musaisiye m'galimoto yotseka padzuwa. Musaikhazike nthawi yaitali pamiyendo yopanda chotchinga, ikhoza kukuwaulani khungu. Kumasula kunsi, kuchotsa fumbi la m'kati ndi kupaka thermal paste watsopano pamene wakale wauma, imeneyo ndi ntchito ya okonza makompyuta. Inu gawo lanu ndi kuwafotokozera bwino zimene mwaona, ndipo mmisiri amasangalala ndi mwana wonena kuti, "Fani ikulira koma mpweya sukutuluka."

Nkhani yomweyo ku Golomoti

Amene mumadutsa ku Golomoti mwaonako munda waukulu wa magalasi a sola. Malowa anayamba kupereka magetsi mu 2022, ndipo amatha kupanga mamegawati 20. Palinso mabatire akuluakulu osungira magetsi, a mtundu wa lithium, banja limodzi ndi batire la m'laputopu ndi la m'foni. Mabatire a mtunduwu sagwirizana ndi kutentha, kumawakalambitsa msanga, choncho akuluakulu otere amasungidwa m'makontena okhala ndi zoziziritsira.

Nayo ina yodabwitsa: magalasi a sola amafuna kuwala kwa dzuwa, osati kutentha kwake. Galasi likatentha kupitirira madigiri 25, magetsi ake amayamba kutsika pang'onopang'ono, pafupifupi theka la gawo limodzi pa 100 kapena kucheperapo pa digiri iliyonse. N'chifukwa chake sola ya padenga imaikidwa mosiya mpata pakati pake ndi malata, kuti mphepo izidutsa kunsi. Mainjiniya a pamalo aakulu ngati amenewa amadzifunsa funso lomwe inu mwaphunzira lero: kutentha kukutulukira pati?

Yesani nokha

Nyowetsani kumbuyo kwa dzanja limodzi ndi madzi, linalo likhale louma. Uzirani manja onse awiri mofanana. Lonyowalo lizizira kwambiri, chifukwa madzi akamasanduka nthunzi amachoka ndi kutentha kwa khungu lanu. Mwaona ndi thupi lanu zimene zimachitika m'kapaipi ka mkuwa kaja.

Funso loti mukambirane

Pali malaputopu awiri ofanana ndendende, ndipo onse akuonetsa kanema yemweyo masana a mu Okutobala. Ina ili ku Dedza boma, yakhazikidwa pabulangete lokhuthala. Inayo ili kuchigwa ku Mtakataka, patebulo la pakhonde, pamthunzi, kumbuyo kwake kuli zitsekero ziwiri. Kodi ndi iti imene fani yake iyambe kulira mwamphamvu? Kambiranani ndi anzanu, aliyense apereke zifukwa zake potsata njira ija kuyambira pa purosesa mpaka kunja, kenako mukawayese nalo aphunzitsi anu a sayansi.