Kodi mumadziwa? Timiyala ta m'botolo la vinyo

Kodi mumadziwa kuti timiyala tonyezimira timene timadikha pansi pa botolo la vinyo, kapena kumatirira pa chotsekera, si magalasi osweka? Ndi mchere wotchedwa potassium bitartrate. Mphesa zili ndi asidi wakewake, tartaric acid, ndipo vinyo akazizira kwambiri, monga mufiriji, asidiyo amagwirana ndi potaziyamu n'kupanga timiyalato. Sitipweteka munthu. Ndipotu zimene amapala m'migolo ya vinyo, akaziyeretsa, ndiye cream of tartar amene amaikidwa m'mitundu ina ya baking powder wofufumitsira makeke.

Vuto n'lakuti wogula akationa amachita mantha n'kubweza botolo. Opanga vinyo amalimbana ndi maso a wogula, osati matenda.

Njira yakale ndi kuziziritsa vinyo m'thanki mpaka pafupifupi madigiri 4 kunsi kwa ziro kwa sabata kapena kuposerapo, timiyala tigweretu, kenako n'kusefa. Imathandiza, koma imadya magetsi kwabasi.

Kodi mumadziwa kuti ena amangothira mankhwala oletsa timiyala kukula? Metatartaric acid, wa nambala E353, amapangidwa potenthetsa asidi wa mphesa yemwe uja, koma mphamvu yake imatha pakapita miyezi, ndipo botolo likakhala pamalo otentha imatha msanga. CMC, kapena E466, amachokera ku ulusi wa mitengo. Mayiko a European Union anamuloleza mu vinyo mu 2009, ndipo amagwira bwino mu vinyo woyera. Potassium polyaspartate anamuloleza mu 2017. Palinso zina zochokera ku yisiti.

Nanga mumadziwa kuti mtengo wa ku Africa kuno ulimo? Gum arabic, E414, ndi utomoni wa mtundu wina wa mthethe. Alimi a ku Sudan, dziko limene limatulutsa wochuluka, amatema khungwa nyengo yachilimwe, utomoni n'kutuluka pang'onopang'ono mpaka kuuma m'timibulu, iwo n'kumatola ndi manja. Mu vinyo wofiira utomoniwu umathandiza kuti mtundu usadikhe pansi.

Kwa zaka zambiri zonsezi sizinkalembedwa pa botolo, chinthu chosayenera, pakuti munthu ayenera kudziwa chimene akumwa. Kuyambira pa 8 December 2023, vinyo watsopano wogulitsidwa ku European Union ayenera kuonetsa zimene anathiramo, pa chikalata cha botolo kapena kudzera pa QR code yomwe wogula amajambula ndi foni.