Wobisa Mfuti Ayambe Wapita ku Khoti

Ku Virginia, m'dziko la America, munthu wofuna kuyenda ndi mfuti yaing'ono yobisa m'zobvala ayenera kuyamba wapempha cilolezo ku khoti la m'dera lake.

Wopemphayo akhale wa zaka 21 kapena kuposapo. Amapereka pempho lake kwa kalaliki wa khoti, nalipira ndalama zosapitirira madola 50. Kuyambira m'caka ca 2021, ayeneranso kuonetsa umboni wakuti anaphunzira kagwiridwe ka mfuti pamaso pa mphunzitsi, osati pa intaneti. Apolisi amafufuza mbiri yake, ndipo amene anapalamulapo mlandu waukulu amakanizidwa.

Khoti liyenera kuyankha pasanathe masiku 45. Cilolezoco cimagwira nchito zaka zisanu. Wogwidwa atabisa mfuti popanda cilolezo angathe kukhala m'ndende mpaka miyezi 12.