MAGINITO NDI MAGETSI: CHENJEZO KWA AMENE ALI NDI KACHIPANGIZO KA MTIMA



Lero sindikamba za fodya kapena za chimanga ayi. Pa msonkhano wina wa alimi, amfumu ena anandifunsa kuti: "Alangizi, mbale wanga wabwera kuchokera ku Johannesburg kumene madokotala anamuika kachipangizo m'chifuwa. Anthu akuti asapitenso ku chigayo, ngakhale wailesi asagwire. Kodi nzoona?" Funso limeneli nlofunika, pakuti makina achuluka m'midzi mwathu, ndipo ife alangizi ndi amene timakulimbikitsani kuwagwiritsa ntchito.

Tiyambe ndi mtima. Munthu wamkulu akakhala chete, mtima wake umagunda ka 60 kufikira ka 100 pa mphindi imodzi. Chimene chimaugunditsa ndi timagetsi tochepa kwambiri topangidwa mu mtima momwemo. Kwa anthu ena, makamaka achikulire, njira ya timagetsi timeneti imafooka, mtima nuyamba kuchedwa, ndipo munthu amamva chizungulire kapena kukomoka kumene. Pamenepo madokotala amaika kachipangizo kotchedwa pacemaker. Nkakang'ono ngati bokosi la machesi. Amakaika kunsi kwa khungu, pachifuwa pafupi ndi phewa, ndipo tinthambo take timadzera mu mtsempha wa magazi kukafika mu mtima.

Munthu woyamba kuikidwa kachipangizoka m'thupi anali Arne Larsson wa ku Sweden, m'chaka cha 1958. Iye anakhala ndi moyo kufikira 2001, namwalira ali ndi zaka 86, dokotala wake Åke Senning atatsogola kale. Tsono muone kuti munthu wotere sali pafupi ndi manda ayi. Angathe kulima ndi kukolola zaka zambiri.

Kachipangizoka kamagwira ntchito monga munthu woyendetsa ngolo. Ng'ombe zikamayenda bwino iye amangokhala chete, koma zikaima amazikhudza ndi mkwapulo. Nakonso kamamvetsera mtima usana ndi usiku. Mtima ukagunda wokha, iko kamaleka. Mtima ukachedwa, kamatumiza kamphamvu ka magetsi kougunditsa. Chovuta chimabwera pamene kanthu kena kakasokoneza kumvetsera kumeneku, ndipo zosokoneza zilipo ziwiri.

Choyamba ndi maginito. M'kati mwa kachipangizoka muli kaswitchi kamene kamamva maginito. Anakaika dala kuti madokotala aziyesera batire. Maginito amphamvu akafika pafupi, kachipangizoka kamaleka kumvetsera, nikayamba kugunditsa mtima pa liwiro limodzi losasintha, kawirikawiri ka 85 kufikira ka 100 pa mphindi, osasamala kuti mtima ulikugunda kale wokha. Munthu angamve mtima ukuthamanga kapena kudumphadumpha.

Chachiwiri ndi mphamvu yosaoneka imene imazinga nthambo ndi makina pamene magetsi ambiri alikuyendamo. Kachipangizoka kangathe kumva mphamvu imeneyi nkuyesa kuti ndi mtima ulikugunda, ndipo kamangokhala chete. Kwa munthu amene mtima wake umadalira kachipangizoka kotheratu, chete ameneyu angamugwetse pansi.

Koma mverani ichi, pakuti ndiwo mutu wa nkhani yonse: mphamvu ziwirizi zimachepa msanga munthu akatalikira. Kawirikawiri kachipangizoka sikaonongeka, ndipo kamabwerera m'malo mwake munthu akangochokapo. Mankhwala ake ndi mtunda basi. Miyeso ilipo itatu, ndipo timayesa kuchokera pachifuwa pamene pali kachipangizoka.

Masentimita 15, ndiye theka la rula ya mwana wa sukulu. Uwu ndi muyeso wa foni ya m'manja, masipika a wailesi, timahedifoni ta m'makutu, ndi maginito amene ana amachotsa m'mawailesi akufa naseweretsa. Foni isakhale m'thumba la malaya la pachifuwa, ndipo polankhula aziika ku khutu la mbali inayo. M'chaka cha 2021 bungwe la boma la America loona za mankhwala, la FDA, linachenjeza kuti mafoni ena atsopano ali ndi maginito amphamvu, nilinena muyeso womwewu. Zibangili ndi mikanda ya maginito imene ena amagulitsa nati imachiza nyamakazi, munthu wotere asavale.

Masentimita 30, ndiye rula yathunthu. Uwu ndi muyeso wa jenereta yaing'ono, injini ya galimoto kapena ya pampu ya petulo pamene ilikulira, ndi mpanda wa magetsi. Asaweramire injini ikulira. Athimitse kaye, ndipo akonze. Inu okhala m'mphepete mwa nkhalango za nyama monga Liwonde ndi Majete, kumene kuli mipanda ya magetsi yotchinga njovu, muuzeni kuti asaukhudze konse.

Masentimita 60, ndiye marula awiri. Uwu ndi muyeso wa makina owotcherera zitsulo pamodzi ndi nthambo zake. Ngati kuwotcherera ndiyo ntchito yake, asayambenso asanafunse dokotala. Khasu kapena ngolo ikathyoka, apereke kwa owotcherera, iye naima patali. Ku chigayo apite ndithu, koma asatsamire mota, ndiponso asagoneke chifuwa pakamwa pa chigayo, chifukwa eni zigayo ena amaikapo maginito ogwira misomali. Makina alionse amene amagwira nyesi munthu akawakhudza, akonzedwe msanga.

Nanga akamva chizungulire kapena mtima ukuthamanga ali pafupi ndi makina? Achokepo pomwepo, akhale pansi. Zikapanda kutha msanga, kapena akakomoka, mutengereni ku chipatala osachedwa.

Zinthu zambiri za pakhomo zilibe vuto. Kumvera wailesi, kuonera kanema, kusita, kuyatsa tochi kapena nyali ya sola, kukwera njinga, zonsezi achite mosaopa. Khasu, chikwanje ndi pulawo sizikoka kachipangizoka ayi. Bala likapola, dokotala nalola, abwerere kumunda.

Munthu wotere amapatsidwa khadi lonena mtundu wa kachipangizo kake. Aziyenda nalo nthawi zonse, ndipo azilionetsa ku chipatala chilichonse, makamaka asanajambulidwe ndi makina a MRI amene ali ndi maginito amphamvu koposa.

Tsono inu mafumu, ntchito yanu nayi. Ngati m'mudzi mwanu muli munthu wotere, ndipo iye walola kuti zidziwike, uzani a chigayo, owotcherera ndi a m'banja mwake miyeso itatuyi: theka la rula, rula imodzi, marula awiri. Letsaninso mphekesera zomuopseza, kuti asakhale m'nyumba ngati wodwala pamene anzake alikupalira.