Khunyu ndi kadyedwe: chochiza mwana wina chingaphe mnzake

M'chaka cha 1921, Russell Wilder, dokotala wa pa Mayo Clinic ku America, anakonza kadyedwe kothandiza odwala khunyu: mafuta ochuluka, zakudya zomanga thupi pang'ono, shuga ndi zaufa zochepetsetsa. Thupi likasowa shuga, chiwindi chimasandutsa mafuta kukhala maketoni, ndipo ubongo umayamba kudalira maketoniwo. Ana ena amene mankhwala anawakanika amaleka kugwagwa. Ena sasintha n'komwe.

Mbali ina ya chifukwa chake ili m'majini. Apa sitikunena majini a mizimu, amene odwala khunyu amanamiziridwa kawirikawiri, koma malangizo a m'maselo amene mwana amabadwa nawo.

Mu 1991, Darryl De Vivo ndi anzake ku New York anafotokoza za ana amene shuga wa m'magazi mwawo safika mokwanira mu ubongo. Vutoli, lotchedwa kuperewera kwa GLUT1, limachokera m'jini ya SLC2A1. Mwana amadya n'kukhuta, koma ubongo wake uli ndi njala, ndipo nthawi zambiri amadwalika m'mawa asanadye kanthu. Maketoni amalowa mu ubongo podzera khomo lina, choncho kwa mwana wotere mafuta ndiwo mankhwala enieni, ndipo kuyamba msanga kumateteza nzeru zake.

Koma aliponso ana obadwa ndi thupi losatha kuphwanya mafuta, monga operewera enzaimu ya MCAD. Mukawamana zaufa, mwawatsekera njira zonse ziwiri: shuga amatsika koopsa, mwana akhoza kukomoka ngakhale kumwalira. Makanda ena, amene jini yawo ya ALDH7A1 ili ndi vuto, chimene amafunikira ndi vitamini B6 moyo wawo wonse.

N'chifukwa chake kadyedweka sikoyesera kunyumba. Kamayamba madokotala atapima magazi ndi mkodzo, ndipo chakudya chilichonse chimayezedwa pa sikelo. Kumene nsima ndiyo chakudya, kulanda mwana mtanda n'kumupatsa mapeyala ndi mafuta ophikira si nkhani yamasewera, ndipo ndalama zake n'zambiri.

Alangizi akumbukirenso kuti m'chigawo chino khunyu yambiri siyachibadwa. Imadza ndi malungo a mu ubongo, kuvulala pobadwa, kapena nyongolotsi za nkhumba zolowa mu ubongo. Odwala ambiri amapeza bwino ndi mapiritsi otsika mtengo monga phenobarbital akamamwa osadumphitsa. Mwana amene anayamba kugwa ali khanda, ndipo mankhwala awiri amukanika, ndiye woyenera kumutumiza kuchipatala chachikulu, makolo atanyamula kope lolembamo tsiku ndi nthawi ya kugwa kulikonse, komanso ngati anali atadya kapena ayi.