Mabushi akatha, moto si mankhwala

Galimoto ikayamba kulira kuti gu! gu! pabampu iliyonse, chiwongolero n'kumasewera, matayala akutsogolo n'kumadyeka mbali imodzi, kawirikawiri ndiye kuti mabushi a control arm atha. Inu opikula tomato ndi kabichi ku Lizulu mukudziwa: katundu wolemera ndi maenje zimamaliza labala ameneyu msanga.

Mabushiwa mutha kuchotsa nokha pakhomo. Koma abale, jeke yokha musayikhulupirire. Tsamiritsani galimoto pamasitandi, osati panjerwa, zimaphwanyika. Ngati sipuling'i yakhalira pa control arm, siyirani makaniko, imavulaza.

Mukamasula control arm, lembani chizindikiro mmene bushi yakale yakhalira. Pezani bawuti wamtali, nati, mawashala ndi masoketi awiri. Soketi yaing'ono ikankhe bushi, yaikulu ikhale mbali inayo kuti bushiyo igweremo. Thirani oyilo, mangani nati pang'onopang'ono. Ikakana chifukwa cha dzimbiri, boolani labala, lowetsani sowo yodulira zitsulo, chekani chitsulo chakunja kwa bushi osakhudza control arm, kenaka gogodani ndi tchizulo.

Anyamata ena angakuuzeni kuti mungowotcha. Kanani! Utsi wa labala ndi woipa m'chifuwa, ndipo moto ukachuluka umafooketsa chitsulo. Control arm ikathyokera pamsewu, mpamba ndi moyo zimathera pomwepo.

Mukaika mabushi atsopano, mabawuti muwalimbitse galimoto itatsika pamatayala ake, apo ayi labala amapotoka n'kung'ambika msanga. Mukatero kachititseni alayimenti.