Kamphaka Koleredwa Bwino Sikatumiza Mwana ku Cipatala

Cimanga cikalowa m'nkhokwe m'midzi ya Mfumu Mpanshya, m'boma la Rufunsa, makoswe nawo amasamukira komweko. Apa ndi pamene mphaka, amene ena amati cona kapena pusi, amafunidwa ndi banja lililonse. Abale ocokera ku Mtendere ndi Kalingalinga pobwerera ku Lusaka pa mseu wa Great East Road, amanyamulanso kamphaka m'katoni pambali pa thumba la makala.

Colakwa coyamba cimacitikira pomwepo. Ambiri amalanda kamphaka kwa mace kakali ndi milungu 3 kapena 4, ati kazolowere msanga. Kamphaka kayenera kuyamwa mpaka milungu 8. Khalidwe lace limaumbika pakati pa milungu 2 ndi 7, kakali kwa mace. Kakamagwiridwa mofatsa tsiku ndi tsiku pa nthawi imeneyi, nikamamva mau a ana ndi phokoso la mapoto, kamakula kosaopa anthu. Kamene kanabadwira kuseri kwa nkhokwe osakhudzidwa ndi munthu kamafika m'nyumba kali kolusa, ndipo woyamba kukandidwa ndi mwana wokwawa.

Ana aphunzitsidwe kusakakoka mcira ndi kusakanyamula pakhosi. Posewera nako agwiritse nchito cingwe kapena mpira wa mapepala. Kamphaka kozolowera kuluma zala pamasewera sikadzaleka kakakula.

Bala la mphaka limaoneka laling'ono, koma mano ace ndi osongoka ngati singano, amalowetsa tizilombo mkati. Coopsa koposa ndi ciwewe. Anthu ambiri amacitenga kwa agalu, koma mphaka nayenso amacifalitsa, makamaka woyendayenda usiku. Zizindikiro zikayamba kuoneka pa munthu, palibe mankhwala omupulumutsa. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, bala litsukidwe ndi sopo pa madzi othiriridwa kwa mphindi 15, ndipo apite tsiku lomwelo ku cipatala ca St. Luke's ku Mpanshya kapena ku kiliniki yapafupi. Kupakapo phulusa kapena zitsamba n'kutaya nthawi cabe. Mphakayo asaphedwe mwaukali. Atsekeredwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10, acipatala auzidwe ngati wadwala kapena wafa. Katemera wa ciwewe kamphaka kamalandira kakakwana miyezi 3, kwa a vetenale. Mabanja ambiri amapereka galu yekha ku katemera, mphaka n'kutsala pa khonde, ngati kuti iye si ciweto.

A vetenale omwewo amapereka mankhwala a njoka zam'mimba ndi a utitiri. Dipi ya ng'ombe kapena ya agalu isayesedwe pa mphaka, imamupha. Panado nayenso ndi poizoni kwa iye, ngakhale kacidutswa.

Kamphaka kothothoka ubweya mozungulira kumutu kapena m'makutu kangakhale ndi zipere, zimene zimalumphira ana ogona nako. Kasalowe m'zofunda.

Amai apakati asamaole zonyansa za mphaka. Mumakhala kacilombo ka toxoplasma kamene kangavulaze maso ndi ubongo wa mwana wosabadwa. Kacilomboka kamayamba kupatsirana patapita tsiku limodzi kapena kuposerapo, motero munthu wina aziola tsiku lililonse, akwirire, ndi kusamba m'manja. M'komboni, kabeseni kakale ka mcenga poikidwa pakona kamakwanira. Kamphaka kakaikidwamo katangodya kamaphunzira kokha.

Pa zakudya, mkaka wa ng'ombe umatsegula amphaka ambiri m'mimba, ndipo nsima yokha siwakwanira cifukwa thupi lao limafuna nyama. Kapenta woviikidwa kuti acoke mcere, dzira lophika kapena nyama zotsala zopanda mafupa, kanai patsiku pamodzi ndi madzi oyera, ndizo zokulitsa kamphaka. Ena amakamana cakudya kuti kagwire makoswe. Mphaka wanjala amapita kukaba ndiwo kwa aneba, ndipo kumeneko amakumana ndi mwala kapena mankhwala a makoswe.