MABULEKI AMAYAMBA ACENJEZA ASANAKANE

Abale athu okhala ku Primrose, ku Germiston ndi m'madera ena a Ekurhuleni, ambiri a inu mwagula galimoto zakale kuno ku Joni, ndipo December akayandikira mudzamanga katundu kupita kumudzi. Pogula galimoto munthu amamvetsera injini, nayang'ana utoto ndi matayala, koma mabuleki amawaiwala cifukwa abisala kuseri kwa mawilo. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono lero tikambirane za mabuleki, pakuti injini ikafa galimoto imaima, koma mabuleki akafa galimoto siima ai.

Zimene zinacitika pa N1

Pa 12 October 2025 basi yocokera ku Gqeberha, yonyamula anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Malawi obwerera kwao, inagwera kuphedi pa mseu wa N1 m'mapiri a Soutpansberg, kumpoto kwa Louis Trichardt. Anthu oposa 40 anafa, ena mwa iwo ana. Nduna yoona za maulendo, Mai Barbara Creecy, inalengeza zimene ofufuza anapeza: pa mabuleki 10 a basiyo pamodzi ndi ngolo imene inali kukoka, asanu okha ndiwo anali kugwira, ndipo basi ya mipando 62 inanyamula anthu 91.

Mseu umenewu ndi womwewo umene inu mudzadzere popita ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ulendo wa makilomita oposa 1,600. Galimoto yanu ndi yaing'ono, inde, koma phiri ndi lomwelo.

M'mene mabuleki agwirira nchito

Mukaponda buleki, phazi lanu likankha mafuta a mabuleki m'timapaipi kufikira ku mawilo onse anai. Kutsogolo mafutawo apanikiza mapadi pa disiki, mbale yacitsulo yozungulira pamodzi ndi wilo. Kumbuyo galimoto zambiri ziri ndi dilamu, ndipo malainingi amakhula m'kati mwace. Kukhulana kumeneku ndiko kuimitsa galimoto, ndiponso ndiko kutenthetsa zitsulo. Katundu akacuruka, kutentha nakonso kucuruka. Liwiro ndiye loopsya koposa: galimoto yothamanga makilomita 120 pa ola ifuna mtunda kanai kuti iime poyerekeza ndi yothamanga 60.

Zizindikiro zisanu

Mabuleki sakana mwadzidzidzi kawirikawiri. Amayamba alankhula, ndipo dalaivala wanzeru amamva.

Coyamba, kulira. Akamalira kuti tswii poponda, mwina mapadi atsala pang'ono kutha. Akayamba kukukuta ngati mphero, dziwani kuti atheratu ndipo citsulo ciri kudya cinzace. Padi yatsopano imakhala yocindikala mamilimita 10 kapena kuposa. Ikafika pa 3, sinthani.

Caciwiri, copondera cofewa. Cikamabonyera ngati siponji, m'mapaipi mwalowa mpweya, ndipo makaniko ayenera kuucotsa. Cikamatsika pang'onopang'ono phazi liri pomwepo, mafuta ali kudontha pena pace, kapena marabala a m'masitala silinda atha.

Cacitatu, kukokera mbali imodzi. Galimoto ikamapatukira kumanzere kapena kumanja poponda, wilo limodzi ligwira kuposa linzace.

Cacinai, kunjenjemera kwa ciwongolero poponda. Apa disiki siiri yosalala mofanana, ndipo ifunika kupala kapena kusintha.

Cacisanu, nyali yofiira ya mabuleki. Ikayaka handibuleki iri yotsitsa, mafuta acepa m'kabotolo kace. Musangothira ena ndi kupitirira ulendo. Funsani kumene oyambawo apita.

Mafuta amene ambiri sasintha

Mafuta a mabuleki ali ndi khalidwe limodzi loipa: amamwa cinyezi ca mumpweya. Mafuta atsopano a mtundu wa DOT 4 sawira kufikira kutentha kutapyola madigiri 230, koma akamwa madzi angathe kuwira pa 155. Pa mseu wa see wa m'tauni simudzadziwa kanthu. Koma potsika phiri ndi katundu, mafutawo amawira nasanduka nthunzi, ndipo copondera cingotitimira pansi popanda kugwira. Ndico cifukwa cace opanga galimoto ambiri alangiza kusintha mafutawa zaka ziwiri ziri zonse. Ngati munagula galimoto kwa munthu wina ndipo simudziwa tsiku limene anasinthidwa, asintheni musananyamuke.

Thirani mtundu umene walembedwa pa citsekero ca kabotolo. Musayese kuthiramo oilo wa injini, pakuti atupitsa marabala onse. Ndiponso musatenge mafuta a m'botolo limene linakhala cotsekula miyezi yambiri.

Kuyesa nokha pabwalo

Injini iri cizimire, pondani buleki kanai kapena kasanu kufikira copondera citalimba. Phazi liri pomwepo, lizani injini. Copondera cikatsika pang'ono, ndiye kuti busitala, cida cothandiza phazi, iri bwino. Pitirizani kuponda theka la mphindi, cisatsikenso. Kenaka suzumirani kuseri kwa wilo liri lonse: mukaona ponyowa, pitani ku garaja tsiku lomwelo.

Posintha mapadi, sinthani mbali zonse ziwiri pamodzi, ndipo musalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha. Mukamaliza, popani copondera kufikira citalimba musanasunthe galimoto. Za mapadi ochipa opanda dzina, kumbukirani kuti ndarama imene mwasunga pa kauntala siingakwane kugula bokosi la maliro.

Ngolo ndi phiri

Lamulo la South Africa linena kuti ngolo yololedwa kulemera kuposa makilogalamu 750 ikhale ndi mabuleki ace. Firiji, matumba a sementi, njinga ndi mipando sizicedwa kupyola muyeso umenewu. Ngolo yopanda mabuleki imakankha galimoto kumbuyo, ndipo nchito yonse igwera mapadi anu.

Potsika phiri bwezani giya kuti injini ithandize kugwira galimoto. Musazimitse injini kapena kuika pa nyutulo pofuna kusunga petulo. Musatsamize phazi pa buleki njira yonse. Pondani molimba, lekani, pondaninso. Mukamva pfungo la kupsya, imani pamalo abwino kuti zitsulo zizizire zokha, osathirapo madzi. Mabuleki akakana muli pa liwiro, popani copondera msangamsanga, tsitsani magiya limodzi limodzi, ndi kukoka handibuleki pang'onopang'ono.

Magaraja ndi masitolo a zipangizo za galimoto alipo ambiri ku Primrose ndi ku Germiston. Pitani sabata ziwiri ulendo usanafike, ndipo pemphani amakaniko akuonetseni mapadi akale ndi maso anu. Inunso okwera basi, musacite manyazi kukana kukwera imene yadzaza kupyola mipando yace. Kumudzi ayembekezera katundu, koma makamaka ayembekezera inu.